Madzulo asanu pa taquería ya pakona

Amayi anaseka mpaka kutsokomola pa foni nditawauza zomwe ndimadya madzulo kuno ku Mexico City. Chakudyacho dzina lake ndi taco, ndipo ukachulukitsa mawuwo m'Chichewa mosasamala, upezeka watchula pokhalira. "Iwe, ulendo wonsewo wapita kukadya zimenezo?" Ndinawafotokozera kuti ndi kabuledi kopyapyala ka chimanga kotchedwa tortilla, kakakulu ngati chikhatho, kamene amaikapo nyama, anyezi ndi masamba onunkhira a cilantro. Ndinawauzanso kuti kudyako ndi ntchito ya kusukulu. Apa ndiye sanakhulupirire n'komwe.

Koma ndi zoona. Pa phunziro la kasamalidwe ka makasitomala, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe malo odyera otsika mtengo, akadyeko madzulo asanu, kenaka apereke malikisi motsatira SERVQUAL, muyeso umene Parasuraman, Zeithaml ndi Berry anatulutsa mu 1988. Muyesowu umayang'ana zinthu zisanu: maonekedwe a malo ndi antchito, kudalirika, changu, ngati kasitomala akuwakhulupirira antchitowo, komanso ngati iwo akumumvetsa kasitomalayo. Ine ndinasankha taquería, kutanthauza malo ogulitsa taco, ya pakona pafupi ndi pomwe ndikukhala, chifukwa cha ulesi woyenda basi.

Tsiku loyamba ndinawalakwira anthu aja, ndikuvomera. Mipando inali itatu yokha, ena tonse chiimire m'mbali mwa msewu. Mbale zinali za pulasitiki, iliyonse yovekedwa kajumbo kuti munthu akadya angovula kajumboko, mbale ipite kwa wina. Taquero, bambo wodula nyamayo, sanandimwetulire, sanandipatse moni wa m'buku uja timaloweza m'kalasi. Anangoti, "¿Cuántos, joven?", kutanthauza kuti angati, mnyamata. Kenaka, "¿Con todo?", kufunsa ngati aike anyezi ndi cilantro zonse. Kwatha. Ndinabwerera kuchipinda n'kuwapatsa malikisi otsika pafupifupi paliponse, mtima uli mbee ngati ndagwira ntchito.

Tsiku lachiwiri ndinasiya cholembera m'thumba n'kuyamba kuyang'ana manja awo. Nyama ya tacos al pastor ndi ya nkhumba yoviikidwa mu tsabola wouma ndi chokometsera chofiira chotchedwa achiote, yosanjikizidwa pa chitsulo choimirira chomwe chimazungulira pafupi ndi moto. Amachitcha trompo, dzina la nguli imene ana amazunguza. Kawotchedwe kameneka kanabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon ndi madera oyandikana nako, omwe anakhazikika ku Puebla n'kumagulitsa nyama yonga shawarma cha m'ma 1930. Anthu a kuno anaikapo nkhumba ndi tortilla ya chimanga. Pamwamba pa trompo pamakhala chinanazi. Bambo aja amasenga nyama ndi mpeni wautali, nyamayo n'kugwera pa tortilla ili m'dzanja lamanzere, kenaka amamenya chinanazi kamodzi, kachidutswa n'kuuluka kudzagwera pa taco pomwepo. Akuchita zonsezi maso ali pa anthu. Panali anthu oposa khumi, palibe mzere, palibe kapepala, koma ankadziwa amene wabwera poyamba, amene safuna anyezi, ndi amene watsala ndi taco imodzi m'mbale ndipo posachedwa afuna zina. Sindinaone munthu akudikira mbale ili yopanda kanthu.

Zinandikumbutsa pachiwaya kwathu, pamene wokazinga tchipisi amadziwa mulu wa aliyense ngakhale mwaunjikana anthu asanu ndi awiri. Ndakhala ndikudya pachiwaya moyo wanga wonse, koma sindinaganizepo kuti luso lija lingalembedwe mu lipoti la kusukulu.

Tsiku lachitatu ndi limene ndinalira. Pa thebulo pankakhala mbale za salsa, msuzi wa tsabola wothira pa taco, yofiira ndi yobiriwira, pamodzi ndi mandimu odula. Ndinafunsa mayi wolandira ndalama ngati yobiriwirayo imawawa. Anati, "Poquito", pang'ono chabe. Ine mwana wokulira pa kambuzi ndi Nali, ndinathira ngati msuzi wa nyemba. Munali habanero, tsabola wowawa kwambiri. Misozi, mamina, ntchofu, zonse zinatuluka nthawi imodzi pamaso pa anthu. Mayi aja sananene kuti pepani. Anatunga kapu ya horchata, chakumwa chozizira cha mpunga ndi sinamoni, n'kundipatsa m'manja, ndipo polipira anakana kuiwerengera. M'kalasi timaphunzira ndondomeko yokonzera zinthu zikalakwika: mvetsera, pepesa, konza, tsatira. Iwo analumpha ziwiri zoyambazo. Koma mawa lake nditangotambasula dzanja kulinga ku mbale yobiriwira, anandilozera yofiira ndi mlomo, osalankhula. Anali atandisunga m'mutu.

Ndiyenera kunenanso kuti "poquito" ya kuno siyokhulupirika, ndipo pa mfundo imeneyi malikisi otsika ndinawasiya momwemo. Mlendo ayenera kuuzidwa zoona za tsabola.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani ya tortilla, chifukwa ndi imene yandisowetsa tulo kuposa lipotilo. Chimanga chimene timadya kwathu chinayambira kuno ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Koma anthu a kuno asanachipere amayamba achiphika m'madzi a laimu kapena a phulusa, n'kuchisiya usiku wonse. Chimanga chotero amachitcha nixtamal. Zimenezi zimafewetsa gaga, zimapangitsa ufa kugwirana, ndiponso zimamasula vitamini wotchedwa niacin kuti thupi lithe kumugwiritsa ntchito. Mbewu inafika ku Africa, koma kaphikidweka kanatsalira. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique omwe ankakhala kumwera kwa Malawi anadwala pelagra, nthenda yobwera chifukwa chosowa niacin, pa nthawi imene mtedza unasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Ndinaima pa taquería paja, tortilla ziwiri zosanjikiza zili m'manja, ndikuganiza za mitondo ndi zigayo za kwathu. Izi sizinalowe mu lipoti, si za phunziro limeneli.

Chachikulu chinachitika polipira. Pamalopa sulipira usanadye. Umaitanitsa ziwiri, umadya, umaitanitsanso, ndipo pomaliza umapita kwa mayi aja iwo n'kukufunsa kuti wadya zingati ndipo wamwa chiyani. Chomwe wanena ndi chomwe amawerengera. Tsiku lachinayi ndinati zinayi. Ndili m'njira ndinayamba kuwerenga ndi zala: ziwiri za pastor, ziwiri za suadero (za nyama ya ng'ombe), ndi ina ya pastor yomwe ndinaitanitsa ndikucheza ndi munthu wina. Zisanu. Usiku umenewo ndinadzimva ngati wakuba nkhuku. Tsiku lachisanu ndinafika ndi Chisipanishi changa chothyokathyoka kufotokoza za ngongoleyo. Mayi aja anangogwedeza mutu, n'kuiphatikiza pa za tsikulo. Sanadabwe, sanandiyamikire. Taquero anacheuka n'kunena kuti, "Cinco", kutanthauza kuti zisanu, akuseka koyamba chiyambire. Ankadziwa kuyambira dzulo lake.

Apa ndi pamene fomu yanga inandithera nzeru. SERVQUAL imafunsa ngati kasitomala akuwakhulupirira a malo odyera. Ilibe funso loti kodi a malo odyerawo akumukhulupirira kasitomala. Komatu chimene chinandibweza pamalo paja, ndipo ndikuganiza kuti ndi chimene chimabweza ambiri, n'chakuti amakutenga ngati munthu wamkulu wodziwa kuwerenga zomwe wadya. Hotelo zomwe timaziphunzira zimakulandira ndi kumwetulira kwa mano onse, kenaka n'kukupempha khadi la kubanki usanaone n'komwe chipinda. Sindikunena kuti hotelo ya zipinda mazana ingayende ngati taquería. Pakona paja anthu ambiri ndi a m'dera lomwelo, amabwera sabata ndi sabata, ndipo amene angabe taco imodzi wataya malo odyera a chaka chonse. Kukhulupirirako kuli ndi masamu ake. Komabe wodyayo amakumva m'thupi.

Titakambirana m'kalasi, mnzanga wina anatchula El Califa de León, taquería ya m'dera la San Rafael mu Mexico City momwe muno, yomwe inatsegulidwa mu 1968 ndipo mu May 2024 inalandira nyenyezi ya Michelin, ulemu umene buku lotchuka la Michelin limapereka kwa malo odyera ophika bwino kwambiri. Ndi kamalo kopanikiza, anthu amadya chiimire, ndipo mitundu ya taco ndi inayi yokha. Iye ankati umenewu ndi umboni woti mipando ndi nsalu za pathebulo zilibe ntchito. Aphunzitsi anamudula: nyenyezi ya Michelin imaperekedwa poona chakudya chili m'mbale, osati kalandiridwe ka alendo, choncho asasakanize nkhani ziwiri. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, ngati fomu ilibe funso langalo, ndingaliyeze bwanji? Ndinayamba kuyankha, n'kuona kuti ndilibe yankho.

Lipoti ndapereka Lachisanu. Pa maonekedwe a malo ndasiya malikisi apakati, chifukwa pamalo ogwira chakudya ndi manja payenera kukhala posamba m'manja pooneka, ndipo pamenepo panalibe. Pa changu ndi kudalirika ndakweza mpaka pamwamba. Kumapeto ndawonjezera tsamba limodzi lomwe sanatipemphe, lofotokoza za taco yachisanu ija, ndi mafunso atatu omwe ndikufuna kukayesa pa makasitomala teremu ikubwerayi. Amayi aimbanso dzulo kufunsa ngati ndikudyabe zinthu zija. Ndawauza kuti ndikabwera ndidzafuna chimanga chosakonola, laimu pang'ono ndi mphika wawo waukulu uja, ndipo ayankha kuti mphikawo ndisauyandikire.