Katundu wa amayi anga anatha masabata asanu pa ulendo wa masiku awiri

Bambo anga anachoka ku Mulanje kubwera kuno pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963, mzinda wa Harare ukutchedwabe Salisbury. Amayi anawatsatira pambuyo pake, ndipo moyo wawo wonse wa pabanja anaukhalira m'nyumba imodzi ku Mufakose, kumene tonsefe tinabadwira. Bambo atatisiya, amayi anatiuza kuti mtima wawo uli kumudzi, ndipo akufuna kukakalambira pafupi ndi abale awo. Ine monga mwana wamkulu ndinasenza udindo wosamutsa katundu wawo, ndipo ndikulemba zimene zinachitika chifukwa mabanja ambiri a ku Mbare, Highfield ndi Mabvuku ali ndi makolo amene akuganizanso zobwerera kwawo.

Ulendo wake si wautali kwambiri. Kuchoka ku Harare, msewu umadutsa ku Mutoko mpaka pachipata cha Nyamapanda, kenako umalowa m'dziko la Mozambique, kudzera ku Changara ndi ku Tete kumene umawoloka mtsinje wa Zambezi, mpaka kukafika ku Zobue ndi ku Mwanza. Kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo basi imayenda ulendowu tsiku limodzi. Choncho munthu wa kampani imene ndinaipeza pa Facebook atandiuza kuti lole idzafika pa tsiku lachiwiri, kapena lachitatu zikavuta pachipata, ndinaona kuti akunena zomveka.

Munthuyo anabwera kunyumba, anazungulira m'zipinda zonse akuyang'ana ndi maso okha, osayeza kanthu kapena kulemba chilichonse, ndipo anatchula mtengo wa madola 900 a ku America, theka lake n'kulipiriratu. Pepala limene ndinasainira linali ndi chidindo komanso dzina la kampani, koma pamalo ofotokoza katundu panangolembedwa kuti ndi katundu wa m'nyumba. Panalibe mndandanda wosonyeza kuti pali bedi ndi matiresi, firiji, sitovu, kabati ya mbale ya magalasi, makina osokera a Singer amene amayi anatiphunzitsira nawo sukulu, kapena bokosi lachitsulo la bambo. Ndinazindikira mochedwa kuti mavuto onse amene anatsatira anayambira pa mzere umodzi umenewo.

Pa tsiku lonyamula kunabwera galimoto yaing'ono, ndipo anyamata onyamula anandiuza kuti katunduyo apita kaye kudepoti kuti akamukweze m'lole yaikulu m'mawa mwake. Amayi anakwera basi pa Roadport ali ndi chikwama chimodzi cha zovala, ndipo anafika bwino kumudzi. Sabata yoyamba ndinauzidwa kuti lole ili pamzere ku Nyamapanda. Sabata yachiwiri anati yawonongeka pafupi ndi Changara ndipo akudikira chitsulo china. Nthawi yonseyi amayi, amene amavutika ndi msana, ankagona pamphasa kunyumba ya atsibweni anga, ndipo ndikawaimbira foni ankangoti, "Usadandaule mwanawe, katundu afika," ngakhale kuti mawu awo ankasonyeza kutopa.

Sabata yachitatu itayamba, foni zanga zinasiya kuyankhidwa, ndipo ndinapita ndekha kudepoti kuja. Mvula inali itayamba kugwa. Kuseri kwa ofesi, pabwalo lamatope, ndinaona mulu wa katundu wofundidwa ndi lona long'ambika, ndipo pansi pake pankaonekera miyendo ya kabati imene ndinkaipukuta Loweruka lililonse ndili mwana. Nditavundukula lonalo ndinapeza matiresi atanyowa mpaka kuda ndi nkhungu, matabwa a kabati atafufuma, ndipo galasi limodzi litasweka. Katundu amene ndinauzidwa kuti ali m'dziko la Mozambique anali asanatuluke n'komwe mu Harare. Ndinaimirira pamenepo kwa kanthawi manja akunjenjemera, ndikuganiza za amayi amene tsiku lililonse ankatchera khutu kumsewu kuti mwina amva kulira kwa lole.

Mkulu wa pamalopo anandifotokozera mosapepesa kuti katundu wa banja limodzi sadzaza lole, choncho amadikira kuti apeze anthu ena otumiza katundu njira yomweyo. Kuphatikiza katundu wa anthu angapo m'galimoto imodzi si kulakwa, ndipo n'kumene kumachititsa kuti mtengo utsike, koma munthu ayenera kuuzidwa zimenezi asanapereke ndalama, kuti asankhe yekha ngati angathe kudikira. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti anthuwa ankadziwa kuti mwini katunduyo ndi mayi wokalamba amene wapita kale, komabe anapeka nkhani ya lole yowonongeka m'malo mondiuza zoona. Kenako anandiuza kuti ndiwonjezere madola 300, ponena kuti ndi a malo osungira katundu komanso mapepala odutsira ku Mozambique. Ndinakana poyamba, koma katundu anali m'manja mwawo, ndipo mvula inali ikugwabe, choncho ndinalipira.

Lole itanyamuka, inakaimanso pachipata cha Mwanza. Akuluakulu oona za msonkho anafunsa mndandanda wa katundu ndiponso umboni wakuti mwini wake ndi munthu wobwerera kwawo amene akubweretsa zinthu zake zogwiritsidwa kale ntchito. Iwo ankagwira ntchito yawo moyenera, ndipo kampani yodziwa ntchito yosamutsa anthu kudutsa malire ikanakonzeratu zonsezi tisananyamule ngakhale mpando umodzi. Dalaivala analibe pepala lina koma lija lolembedwa kuti katundu wa m'nyumba. Zinatengera atsibweni anga kunyamuka ku Mulanje limodzi ndi amayi ndi pasipoti yawo, kukwera minibasi mpaka ku Mwanza, kuti akalembe mndandandawo katundu akutsitsidwa mmodzimmodzi padzuwa.

Pamenepo m'pamene amayi anazindikira kuti bokosi lachitsulo la bambo palibe. Dalaivala anati iye anakweza zimene anapatsidwa, ndipo atafika ku Limbe anatsitsa zonse n'kunena kuti ku Mulanje sapitako chifukwa ali ndi katundu wa anthu ena wopita ku Lilongwe. Atsibweni anachita kubwereka galimoto ina. Makina osokera anafika mwendo wake wachitsulo utathyoka, koma mmisiri wa pamsika wawotcherera, ndipo akusoka. Matiresi tinawataya.

Za bokosi lija ndi zimene zikundisowetsabe tulo. Munali chitupa chakale cha bambo chimene ankayendera mu Salisbury, zithunzi za ukwati wawo, makalata amene ankalemberana ndi agogo, Baibulo lawo la Buku Lopatulika lokhala ndi mayina athu ndi masiku athu obadwa pa tsamba loyamba, komanso yunifomu ya amayi ya kutchalitchi cha CCAP imene anaipinda bwinobwino n'kuika pamwamba. Ndinapita kukafunsa nzeru kwa odziwa za lamulo loteteza ogula limene dziko la Zimbabwe linakhazikitsa mu 2019, ndipo anandilandira bwino, koma funso lawo loyamba linali lakuti ndionetse pamene palembedwa kuti bokosilo linaperekedwa kwa kampaniyo. Ndinalibe choonetsa kupatula chithunzi chimodzi chimene mwana wanga anajambula pa foni tsiku lonyamula, pamene bokosilo likuoneka pang'ono kumbuyo kwa firiji. Chithunzicho ndachisindikiza ndipo ndachiphatikiza ku dandaulo langa.

Lamlungu lapitali amayi anandiimbira foni atabwera kutchalitchi, kumene anapita atavala bulauzi yobwereka. Sanafunse za ndalama kapena za kabati. Anangoti, "Mwanawe, bokosi la abambo ako lija ukaliyang'anenso kuseri kwa ofesi kuja, mwina analisiya pansi pa lona." Ndawalonjeza kuti Loweruka likubwerali ndipitakonso m'mawa, asanatsegule geti.