Onena za nkhondo, mukukumbukira Kagera?

Abale anga a kuno ku Mzuzu, nkhani ya mkangano wathu ndi Tanzania pa malire a nyanja ya Malawi ikangotchulidwa m'minibasi za ku Karonga, sipalephera mnyamata wonena kuti "Tanzania tingoimenya basi." Inetu zimandiwawa kumva zimenezi.

Mu Okutobala 1978, Idi Amin, mtsogoleri wa Uganda pa nthawiyo, anatumiza asilikali ake kukalanda dera la Kagera m'dziko la Tanzania. Kwawo zinthu zinali zitavuta kale, asilikali ena akumuukira, ndiye nkhondoyo inali yophimbira chipwirikiticho. Panalibe womuuza kuti bwana apa mwalakwa. Akanayerekeza ndani? Bishopu wamkulu Janani Luwum anali ataphedwa mu 1977 atadzudzula nkhanza za boma. Otsala pafupi naye anali ongowomba m'manja, ndipo mtsogoleri wotere amalowa kunkhondo osadziwa n'komwe mphamvu za asilikali ake enieni.

Mwalimu Nyerere, mtsogoleri wa Tanzania pa nthawiyo, anasonkhanitsa gulu lake la nkhondo, n'kutenganso anthu a ku Uganda omwe anathawa Amin. Gaddafi wa ku Libya anatumiza asilikali kudzathandiza mnzake Amin, koma pa 11 Epulo 1979 mzinda wa Kampala, likulu la Uganda, unagwa. Amin anathawira ku Libya, kenako ku Saudi Arabia, komwe anafera mu 2003.

Tanzania yopambanayo nayonso inalira, chuma chinalowa pansi kwa zaka. Nanga ife? Mafuta ambiri amalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, amayi a mumsika wa Mzuzu amakaoda katundu ku Kyela ndi Mbeya. Chipata cha Songwe chikatsekedwa, petulo mudzamugula kuti?