Kuwerenga nyama zimene sizifuna kuonedwa

M'gawo la maphunziro limene tangomaliza kumene, lokhudza ubale wa nyama ndi malo amene zimakhala, mfundo imene yandikhala kwambiri m'maganizo ndi yakuti nyama zimene munthu waziona kutchire si ndizo nyama zonse zimene zilipo, ndipo njira iliyonse yofufuzira inakonzedwa pofuna kuyerekeza kuchuluka kwa zimene maso sanazione.

Mfundo zoyambira sizovuta. Gulu la nyama za mtundu umodzi limakula pamene zina zabadwa kapena zabwera kuchokera kwina, ndipo limachepa pamene zina zafa kapena zasamuka. Malo alionse ali ndi malire a nyama zimene angathe kudyetsa ndi kumwetsa. Katswiri wa za nyama Charles Elton anafotokoza mu 1927 kuti nyama zodya zinzake zimakhala zochepa kuposa zodyedwa, ndipo kuchokera pa ntchito ya katswiri wina, Raymond Lindeman, ya mu 1942, akatswiri amawerengera kuti mphamvu imene imadutsa kuchoka pa chodyedwa kupita pa chochidya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. N'chifukwa chake nkhalango ya agwape ambiri imangosunga akambuku owerengeka.

Nkhani ya malireyi si ya m'kalasi mokha. Mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota, chifukwa kumene zinali zinachuluka mpaka kuwononga mitengo ndi kulowa m'minda ya anthu, pamene ku Nkhotakota zinali zitatsala pang'ono kutha ndi alenje opha mozemba. Chigamulo chachikulu chotere chimadalira chiwerengero, ndiye funso la mmene chiwerengerocho chinapezekera ndi lofunika kwambiri.

Pa phiri la Michiru tinaphunzira kuyenda m'mzere woyezedwa. Wofufuza amayenda pang'onopang'ono osapatuka, ndipo akaona mbawala, anyani kapena apusi, amalemba kuchuluka kwake komanso mtunda wochoka pa mzerewo kukafika pamene nyamayo inali isanathawe. Mtundawu ndiye mtima wa njira yonse, pakuti nyama zapafupi zimaoneka pafupifupi zonse, zakutali zimaoneka zochepa, ndipo kachepedwe kameneka ndi kamene kamasonyeza kuti zobisika zingakhale zingati. Nyengo nayo imasokoneza. Mu Okutobala udzu ukapsa munthu amaona patali, koma mu Febuluwale tsekera amabisa ngakhale gwape amene ali pafupi, kotero kuti woyerekeza miyezi iwiriyi mosasamala anganene kuti nyama zachepa pamene chachepa ndi kuona kwake.

Nyama zoyenda usiku zimadziwika ndi zizindikiro. Ndowe za fisi zikauma zimayera chifukwa cha mafupa amene amatafuna, ndipo nungu amasiya minga m'njira zake. Koma kuti milu ya ndowe isanduke chiwerengero, pafunika kudziwa kuti nyama imodzi imasiya milu ingati patsiku komanso kuti muluwo umatha msanga bwanji ndi mvula ndi chiswe. Makamera otchera pamitengo athandiza kwambiri, makamaka pa akambuku, popeza mawanga a kambuku aliyense ndi akeake.

Njira imene yandigwira mtima koposa ndi yogwira nyama, kuiika chizindikiro, kuimasula, kenako n'kutcheranso. C.G.J. Petersen wa ku Denmark ankaika zizindikiro pa nsomba m'zaka za m'ma 1890, ndipo Frederick Lincoln anagwiritsa ntchito masamu a njirayi pa abakha a ku America mu 1930. Tiyerekeze kuti m'munda mwagwidwa mbewa 40 ndi misampha yosapha, zaikidwa chizindikiro ndipo zamasulidwa. Ulendo wachiwiri mwagwidwa 50, ndipo 10 mwa izo zili ndi chizindikiro. Popeza zachizindikiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a zogwidwa, mbewa 40 zoyamba zija ziyenera kukhala gawo limodzi mwa magawo asanu a mbewa zonse, ndiye kuti m'mundamo muli mbewa pafupifupi 200.

Masamuwa ndi osavuta, koma amaima pa zinthu zimene mbewa sizinalonjeze. Mbewa imene yakonda chiponde cha mu msampha imabwereranso dala, zachizindikiro zimachuluka pa ulendo wachiwiri, ndipo yankho limatsika kuposa zenizeni. Imene yachita mantha imapewa msampha, ndipo yankho limakwera. Njirayi imafunanso kuti pakati pa maulendo awiriwo pasakhale kubadwa, kufa kapena kusamuka kochuluka, chinthu chovuta m'chilimwe pamene anyamata osaka mbewa amatentha tchire ndi kukumba mauna. Ndinene pano kuti anyamata omwewa amadziwa una wokhalamo mbewa ndi una wosiyidwa pongouyang'ana, ndipo ine ndikuona kuti wofufuza amene sawafunsa amataya nzeru imene kalasi silingampatse.

Chimene chikundipweteka ndi chakuti mapiri a Ndirande ndi Soche anataya mitengo yambiri ife tikuona, ndipo nyama ndi mbalame za m'nkhalango zija zinapita nayo limodzi. Kusintha kotere kumaoneka bwino pokhapokha ngati kuwerenga kukubwerezedwa pamalo omwewo, mwezi womwewo, ndi njira yomweyo, chaka ndi chaka. Pa kafukufuku wanga wa teremu ikubwerayi ndasankha kuwerenga mbalame m'mamawa pamalo oikika a ku Michiru ndi ku Soche, kuima mphindi khumi pamalo alionse, ndi kusunga malowo pa GPS, kachipangizo kosonyeza malo enieni pamene munthu waima, kuti ophunzira a m'mbuyo mwathu adzathe kuimanso pomwepo.