Tsiku limene ndinachuna waya wolakwika

Amene anandiuza kuti mankhwala a ulesi pophunzira gitala ndi kulonjeza anthu kuti udzawaimbira, ndikumufunafuna mpaka lero. Sananame ayi, koma tili ndi nkhani.

Gitala yanga inali itagona kunsi kwa bedi kwa miyezi. Chinandithawitsa ndi zala. Mawaya achitsulo amaluma nsonga za zala mpaka khungu litalimba, ndipo zimenezi zimatenga masabata angapo. Kenako pali chord (kapanikizidwe ka mawaya kotulutsa mawu angapo pamodzi) ya F, yofuna kuti chala chimodzi chigone n'kupanikiza mawaya onse 6 nthawi imodzi. Yanga inkamveka ngati nkhuku yotsamwa. Ndiye tsiku lina ndinangolemba pa gulu la WhatsApp la pabanja kuti pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa achemwali anga, woimba ndine.

Mantha anagwira ntchito. Gitala ndinaiimika pabalaza, poti ndizikumana nayo maso ndi maso, ndipo mphindi 15 tsiku lililonse zinandithandiza kuposa maola atatu a Loweruka okha. F ndinamupatsa tchuthi n'kukakamira ma chord a G, C, D ndi Em, chifukwa nyimbo zambirimbiri zimayenda pa zinayi zimenezi. Zala zikawawa ndinkakumbukira Django Reinhardt, katswiri wa gitala amene anapsa dzanja lamanzere pa ngozi ya moto mu 1928 koma n'kumaimbabe modabwitsa, akudalira zala ziwiri. Ine wa zala zonse ndingadandaule chiyani?

Tsikulo linafika, anthu atakhala pansi, mafoni m'mwamba. Ndinati ndiyambe ndachuna, kuti aone kuti pano pali katswiri. Ndinatsegula pulogalamu yochunira pafoni n'kuyamba kuyesa mawaya: waya wa E ali bwino, A ali bwino, D, G, onse bwino. B ndiye anatsika pang'ono. Ndinapotokola kachikhomo komangira waya. Foni ikuti watsikabe. Ndinapotokolanso. Muvi wa pafoni osasuntha n'komwe.

"Alamu, kodi nyimboyo ndi imeneyi?" anafunsa amuna awo a achemwali.

Thukuta kamukamu, ndinapotokola ndi mphamvu zonse, mumtima ndikutukwana amene anapanga pulogalamuyo. Thwa! Waya unandikwapula padzanja, mwana wa achemwali n'kuyamba kulira, ndipo amalume, amene anali atayamba kuwodzera, anadzambatuka n'kufunsa kuti magetsi atani. Nthawi yonseyo ndinkakhwatsa B koma ndikumanga kachikhomo koyandikana nako, ka E wamng'ono, waya wowonda kuposa onse. Anapirira mpaka pomwe akanathera.

Mawaya apadera ndinalibe. Ndinakhosomola n'kulengeza kuti palibe chodetsa nkhawa, ngakhale Keith Richards, woimba gitala wa gulu la Rolling Stones, amaimba ndi mawaya asanu. Kunena zoona ndinaona ngati ndapulumuka. Koma mlamu wanga ndi munthu woti ukanena kanthu, chala chili kale pa Google.

"Zoonadi alamu," anatero, akuwerenga mokweza kuti aliyense amve. "Koma apa akuti iyeyo amachotsa waya wonenepa uja, kenako n'kuichuna mwamtundu wina. Ndipo amachotsa dala. Sumulumphira kumaso."

Ndinaimbabe. G, C ndi Em zinayesetsa, koma D popanda waya umenewo imataya F sharp, liwu limene limaikometsa, moti inkangomveka gwaa. Paliponse pobwera D ndinkakweza mawu kuti ndikwirire dzenjelo, ndipo nyimbo imene ndinasankha inali yodzaza ndi D. Pofika pakati ndinali ndikukuwa basi.

Nditamaliza panali zii. Achemwali anaomba m'manja okha n'kunena kuti, "Achimwene, mwayesetsa," mawu amene amauza mwana wawo akabwera ndi malikisi ochititsa manyazi. Amayi, amene anali atapinda manja mwaulemu nthawi yonseyi, anawerama n'kundinong'oneza:

"Mwanangu, usachite mantha. Ukamaliza kuchunako, uyambe."