Makalasi athu a Chemistry ku Chibavi

Ine ndi mkazi wanga tinatsegula makalasi apadera a Chemistry ku Chibavi kuno ku Mzuzu titaona momwe mutu wa oxidation ndi reduction umasautsira ana okonzekera mayeso a MSCE. Tinachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, n'kugula mabenchi ndi bolodi. Ine ndimaphunzitsa, iye amasunga kaundula ndi ndalama, zomwe makolo amatumiza pamwezi pa Airtel Money kapena Mpamba.

Ana ambiri amabwera ataloweza kale kuti oxidation ndi kutaya ma electron (tizinthu ting'onoting'ono ta mu atomu), reduction ndi kulandira. Koma ukawalembera equation n'kufunsa kuti wataya ndani, amangoyang'ana pansi. Ndiye sitiyambira pa bolodi ayi. Timayambira pa msomali.

Mwana aliyense amaviika msomali wokwechedwa bwino m'madzi a copper sulphate. Pakapita kanthawi msomali uja umavala kopa wofiirira, madzi abuluu aja n'kuyamba kutuwa. Akaona zimenezi ndi maso awo, m'pamene timalemba manambala a oxidation: chinthu chikataya ma electron nambala yake imakwera, chikalandira imatsika. Chitsulo cha mu msomali chinali pa 0 chifukwa chinali chokha, osaphatikana ndi china. Chapita pa +2, nambala yakwera, ndiye oxidation. Kopa wa m'madzi aja wachoka pa +2 kufika pa 0, nambala yatsika, ndiye reduction. Sulphate sanasinthe, anangoonerera. Apa ndimachedwapo dala, pakuti pali msampha womwe umakola ngakhale ana anzeru: chitsulo chomwe chataya ma electron ndicho reducing agent, popeza ndicho chatsitsa mnzake.

Malamulo enawo timawatola tikuwerengera. Oxygen kawirikawiri amakhala -2, hydrogen +1, ndipo manambala onse mu compound (zinthu zophatikana) ukawaphatikiza ayenera kupereka 0. Potassium permanganate, yemwe timakagula ku famase m'tauni, ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda kwambiri. Mu formula yake, KMnO4, potassium ndi +1, ma oxygen 4 akupereka -8, choncho manganese sangachitire mwina koma kukhala +7. Koma mu hydrogen peroxide, H2O2, oxygen ndi -1, osati -2. Chimenechi ndimachibwereza mpaka ana kutopa nane.

Mvula ya ku Mzuzu imatithandizanso, ngakhale imatichepetsera ana m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale misewu ya ku Chibavi ikadzaza matope. Dzimbiri lili paliponse, pa mageti, pa njinga za kabaza, pa mbaula. Pamenepo chitsulo chachoka pa 0 kufika pa +3, oxygen wachoka pa 0 kufika pa -2, ndipo popanda madzi sizichitika. Malata amakutidwa ndi zinc chifukwa zinc amataya ma electron msanga kuposa chitsulo, ndiye amayamba ndi iye kudyeka. Mwana wina wamkazi atamva zimenezi anakawafotokozera bambo ake, omwe amawotcherera zitsulo ku Luwinga, ndipo bambowo anatibweretsera ana ena a anzawo.

Phindu si lalikulu. Lendi, choko ndi mankhwala zimadya gawo lake, ndipo chipinda chimadzaza pokhapokha mayeso a MANEB akayandikira. Ena amatilangiza kuti tisiye zogula mankhwala, tizingolemba manotsi ngati ena onse. Ife takana, chifukwa ambiri mwa ana athu amachokera m'sukulu zomwe labotale yake ilibe zipangizo zokwanira. Ndalama za teremu ino tapatulako zogulira ma test tube ena, kuti ana asamadikirane pa benchi.