Momwe ndinasamutsira kaundula wa laibulale yathu kuchoka ku WinISIS kupita ku Koha

Laibulale yathu ndi yaing'ono ndipo ili m'chipinda cha kuseri kwa holo ya mpingo ku Highfield, muno mu Harare. Muli mabuku a Chingerezi, Chishona, Chindebele ndi Chichewa, ndipo ambiri a Chichewawo anaperekedwa ndi mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu pa nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Salisbury. Kaundula wa mabuku onsewa wakhala akusungidwa mu pulogalamu ya WinISIS. Pulogalamuyi ndi ya 16-bit, choncho siyenda pa Windows ya 64-bit imene ili m'makompyuta a masiku ano, ndipo kompyuta yakale imene inkaiyendetsa inali itayamba kuzima yokha. Akuluakulu a komiti atandipempha kuti ndipulumutse kaundulayo, ndinavomera.

WinISIS ndimaipatsa ulemu. Ndi ya m'banja la CDS/ISIS, mapulogalamu amene bungwe la UNESCO linkagawa kwaulere, ndipo mtundu wake woyenda pa makompyuta ang'onoang'ono unatuluka mu 1985 motsogozedwa ndi Giampaolo Del Bigio. Anaipanga poganizira zolembedwa: gawo la rekodi (rekodi ndi zonse zolembedwa m'kaundula za buku limodzi) limatha kutalika kapena kufupika malinga ndi mawu amene alimo, limatha kubwerezedwa ngati buku lili ndi olemba angapo, ndipo kufufuza kumathamanga ngakhale pa kompyuta yofooka. Koma kupatsidwa kwaulere n'kosiyana ndi kuloledwa kuona ndi kukonza malamulo a mkati mwake, n'chifukwa chake Windows itasintha, ife ogwiritsa ntchito tinalibe pogwira.

Ndinayerekeza mapulogalamu awiri a kaundula wa laibulale a open source, kutanthauza amene aliyense amaloledwa kuona ndi kukonza malamulo a mkati mwake. ABCD, imene inachokera ku bungwe la BIREME mu mzinda wa São Paulo ku Brazil, imasunga kapangidwe ka ISIS ndipo kusamukirako kukanakhala kwapafupi. Koha inalembedwa mu 1999 ku New Zealand ndi kampani ya Katipo Communications pothandiza Horowhenua Library Trust, imagawidwa pa laisensi ya GPL, imene imalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuikonza ndi kuigawa, ndipo imatsatira MARC 21, dongosolo limene malaibulale ambiri padziko amalembera makatalogi. Ndinasankha Koha chifukwa ndinkafuna kuti amene adzatenge ntchitoyi ine nditachoka adzapeze dongosolo limene anaphunzira kale kusukulu.

Ndisanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu, ndinakopera mafayilo onse a database, makamaka a .MST amene amasunga marekodi enieniwo, a .XRF amene amalozera pamene rekodi iliyonse ili, ndi a .FDT amene amatchula mayina a magawo. Kenako ndinakhala pansi ndi mayi wachikulire amene anatayipa gawo lalikulu la kaundulayo. Fayilo ya FDT imanena dzina la gawo, koma sinena zimene anthu ankaikamo. Gawo lina linali ndi dzina lakuti ndi la ndemanga, koma nditatsegula ndinapezamo mayina a mabanja pamodzi ndi mawu ngati Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Ndinafunsa kuti, "Amayi, kodi muno munkalembamo chiyani?" Anandiyankha kuti, "Mwanawe, amenewo ndi eni mabukuwo ndi kwawo kumene anachokera. Munthu akabweretsa buku la malemu bambo ake, sindikanangolilandira ngati latoledwa pamsewu." Pulogalamu yongosamutsa mwachimbulimbuli ikanaponya zonsezi m'gawo la ndemanga wamba. Ine ndinaziika mu 541, gawo limene MARC 21 inapatulira kufotokoza kumene chinthu chinachokera, ndipo ndinalibisa kwa owerenga a pa intaneti popeza muli mayina a anthu.

Tinalemba papepala gawo lililonse lakale ndi malo ake atsopano: mutu wa buku ku 245, mlembi ku 100, wosindikiza ndi chaka ku 260, nkhani ya m'bukumo ku 650, ndipo za buku lenileni limene lili pashelefu ku 952, kumene Koha imasunga nthambi ya laibulale, mtundu wa chinthu ndi nambala yake. WinISIS imatha kutulutsa marekodi mu ISO 2709, njira imene malaibulale amasinthanirana marekodi, koma imadula mizere pa zilembo 80 ndipo imalekanitsa magawo ndi chizindikiro cha #, kotero Koha singawalandire mmene alili. Ndinalemba kapulogalamu kanga m'chilankhulo cha makompyuta cha Perl, kogwiritsa ntchito zida zake ziwiri: Biblio::Isis powerenga mafayilo akale mwachindunji ndi MARC::Record pomanga marekodi atsopano.

Pamene panandidyera nthawi yambiri ndi pa chilembo cha ŵ. Mabuku ambiri a Chichewa amalemba Malaŵi, kaŵiri ndi aŵa, koma ndandanda ya zilembo ya Windows-1252 imene kompyuta yakaleyo inkagwiritsa ntchito ilibe ŵ. Ena mwa achinyamata amene ankathandiza kutayipa anangolemba w, pamene ena, pofuna kukhulupirika ku bukulo, analemba w kenako chizindikiro cha ^, ndipo mutu umaoneka chonchi: Malaw^i. Tsoka lake n'lakuti mu ISIS chizindikiro chomwecho ndicho chimayambitsa kagawo kakang'ono mkati mwa gawo, monga ^a kapena ^b. Kapulogalamu kakafika pa Malaw^i kamaona ngati mutu wathera pa w ndipo kagawo katsopano kayamba, mutu n'kudukira pakati. Sizikanathekanso kungolamula kuti w^ aliyense asanduke ŵ, chifukwa mitu ya Chingerezi yothera ndi w imatsatiridwa ndi kagawo kenikeni. Chimene chinandithandiza ndi kapangidwe ka chilankhulo chathu, kakuti mawu a Chichewa amathera ndi vawelo. Ngati rekodi ndi ya buku la Chichewa, w sangakhale chilembo chomaliza cha liwu, choncho w^ ndi ŵ basi. Ndinauza kapulogalamuko kuti kaziyamba kayang'ana chilankhulo cha buku, kasinthe zilembozo, kenako n'kugawa magawo, ndipo marekodi onse okayikitsa kawalembe pambali kuti tikawayerekeze ndi buku lenilenilo.

Mu UTF-8, njira ya Unicode yosungira zilembo imene Koha imagwiritsa ntchito, chilembo cha ŵ chimatenga mabayiti 2 (bayiti ndi muyeso wa malo m'kompyuta), pamene ISO 2709 imafuna kuti utali wa rekodi uwerengedwe m'mabayiti, osati m'zilembo, ndipo malo a 09 a chiyambi cha rekodi ayenera kukhala ndi chilembo cha a posonyeza Unicode. Zimenezi zikaphonyeka, magawo amasokonekera. Ndinakonzanso Zebra, imene imafufuzira mu Koha yathu, kuti wolemba Malawi apeze Malaŵi, popeza owerenga ambiri satayipa kachipewa ka pamwamba pa w pa foni zawo.

Nkhani ya chilankhulo inali ndi phindu lina. M'kaundula wakale munali Chichewa, Chewa, Nyanja ndi Chinyanja, aliyense kulemba mmene anazolowerera. Zonsezi ndinazisandutsa nya m'malo 35 mpaka 37 a gawo 008, amene MARC 21 imalembamo chilankhulo cha buku, monga momwe Chishona chilili sna ndi Chindebele nde. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo kwa ine n'chinthu chachikulu kuti mphunzitsi kapena kholo tsopano angathe kuona mabuku athu onse a chilankhulochi pa ndandanda imodzi.

Zotsalazo zinayenda mosavuta. Ndinaika Koha pa seva yoyendera Debian, mtundu wa Linux, ndipo marekodi ndinkawalowetsa pang'onopang'ono, chifukwa Koha imalola kuona gulu la marekodi lisanalowe ndi kulibweza ngati lalakwika. Marekodi amene anafufutidwa kale mu ISIS koma akadali mu fayilo ya .MST ndinawasunga padera kuti amayi aja awaone. Poti magetsi amazimazima, seva ili pa batire ndipo database imakoperedwa usiku uliwonse, kope lina n'kusungidwa kunja kwa chipindacho.

Kapulogalamu kosamutsirako ndakaika poyera pa laisensi ya GPL, pamodzi ndi tebulo la magawo ndi kufotokoza kwa lamulo la ŵ, chifukwa ndikukhulupirira kuti malaibulale ena ku Malawi, ku Zambia ndi kuno ali ndi mafayilo a ISIS amene akudikira ntchito yomweyi. Ndayambanso kuyesa zokonza zimene anthu ena amatumiza ku Koha, popeza kumeneko chokonza sichilowa mpaka munthu wina atachiyesa ndi kuvomereza, kenako gulu loona za ubwino wa pulogalamu n'kuchiunikanso. Koha imatulutsa mtundu watsopano mu May ndi mu November, ndipo komiti yagwirizana kuti tizikweza yathu pokhapokha titayesa kaye pa kompyuta ina. Chimene sindinachilowetse mu Koha ndi makalata ndi mabuku a misonkhano a bungwe la maliro, amene ali m'makatoni pansi pa shelefu. Zolembedwa zotere zimafotokozedwa m'magulu motsatira kumene zinachokera, osati chimodzichimodzi ngati mabuku, choncho ndikuziyesera mu AtoM, pulogalamu ya open source yotsatira ISAD(G), dongosolo lofotokozera zolembedwa zakale zotere, ndipo amayi aja ayamba kale kusanja makatoniwo motsatira zaka.