Alamu anga, zikomo

Abale inu lero ndakwanitsa miyezi itatu osagona mumdima nsanza yonyowa pamphumi. Nonse mukudziwa mmene mutu waching'alang'ala unandizunzira chaka chathachi, sindibwerezanso, kusanza kuja, ngakhale kuwala kwa foni kumandibaya diso lakumanzere ngati msomali.

Choyamba Mulungu, Iye yekha alemekezeke. Kenako alamu anga, akazi a achimwene. Amayi amenewa sindidziwa ndidzawabwezera chani ine.

Ndi iwowo anapeza mapaketi a panado ndi aja okhala ndi codeine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, m'chikwama mwanga, anawatayira pamphasa nkuyamba kuwerenga ngati ndalama za banki m'khonde, mawa lake anandikokera kuchipatala ndikukana. Kumeneko adokotala anatiuza zomwe sindinamvepo, akuti ubongo umapanga wokha mankhwala ochepetsa ululu, amati ma endorphin, amagwira ntchito ngati morphine, mankhwala akuchipatala a ululu waukulu, ndipo kwa anthu amene mutuwu umawagwira pafupipafupi mankhwala achilengedwewa amapezeka ochepa. Ndiye iwe ukamangomwa codeine mosalekeza ubongo umazolowera, nkuyamba kumva ululu msanga kuposa kale. Codeine masiku 10 kapena kuposa pamwezi, panado masiku 15, mutu umayamba kuwawa chifukwa cha mankhwala omwewo. Ine ndimamwa pafupifupi tsiku lililonse! Alamu anangondiyang'ana osalankhula, manyazi ake eee.

Masabata awiri oyamba nditasiya mankhwalawo ndinkaganiza kuti ndikufa. Iwo anasiya geni yawo ya mandasi, anapachika chitenje pawindo, ana nkuwathamangitsira kwa aneba, kenako nkukhala pansi pafupi ndi bedi langa mumdima muja osayankhula kanthu, kungondisinthira nsanza ikatentha. Phala amandimwetsa ndi supuni ngati khanda. Usiku kapilitsi ka amitriptyline koteteza mutuwo kamene adokotala anandilembera amandipatsa okha m'manja chifukwa ine samandikhulupirira, ndipo sanalakwe.

Koma chimene sindidzaiwala ndi 5 koloko m'mawa. Adokotala anati kuyenda mwachangu kumathandiza ubongo kutulutsa ma endorphin aja, basi alamu anagwira mawuwo, tsiku lililonse pachitseko go go go, "mlamu dzukani tikadzutse ma endofini anuwo." Mwezi wa Juni, chisanu chija, ine ndikuwatukwana chamumtima iwo ali patsogolo ndi masilipasi.

Zikomonso achimwene pa transipoti, ndi amayi a mvano amene munabwera kudzapemphera motsitsa mawu, munandimvetsa. Inu amene mumati ndi mutu chabe ndikuthawa ntchito, ndi inu mumati ndalodzedwa koma pakhomo panga simunapondepo, ndakuonani, sinditchula maina.

Sindikunena kuti ndachiriratu, nthawi zina umandiyesabe ndikagona mochedwa kapena ndikadumphitsa nsima ya masana, koma sukundigwetsanso pansi.

Alamu, chitenje chanu chija chikadali pawindo. Bwerani Loweruka mudzatenge, nkhuku ndagula kale ndipo ndiphika ndekha.